Banki yomwe inabadwira m'sitolo ya Mandala

Ophunzira ambirife timakumana ndi banki tikamatsegula akaunti yolandirira ndalama za ngongole ya sukulu. Sitifunsa kuti nyumba zagalasizi zinachokera kuti. Ine ndinayamba kufunsa chifukwa kwathu ndi ku Chiradzulu, ndipo mbiri ya banki yakale kwambiri m'dziko muno imadutsa pafupi ndi mudzi wathu koma osaima.

National Bank of Malawi inakhazikitsidwa mu 1971, chaka chomwe kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Koma mizu yake ndi yakale kuposa apo. Mu 1878 amalonda a ku Glasgow anayambitsa kampani yomwe pambuyo pake inatchedwa African Lakes Corporation, ndipo anatumiza abale awiri, John ndi Frederick Moir, kuti adzaiyendetse kuno. Anthu poona magalasi a m'maso a John anamupatsa dzina loti Mandala, dzinalo linakakamira kampani yonse. Nyumba yawo ya 1882 ikadalipo mu Blantyre. Kampaniyi inkagulitsa nsalu, mikanda ndi mchere, inkagula minyanga, inkayendetsa sitima pa Shire ndi pa nyanja. M'zaka za m'ma 1890 inayambanso kusungira anthu ndalama ndi kuwatumizira kwawo ku Ulaya. Banki yathu inayamba choncho: kauntala m'sitolo ya eni ake, osati ofesi ya boma.

Zotsatira zake n'zogulana basi. Standard Bank inatsegula nthambi mu Blantyre mu 1901. Mu 1918 National Bank of South Africa inatenga ntchito za banki za Mandala, ndipo mu 1925 nayonso inamezedwa ndi Barclays DCO. Barclays ndi Standard ndi zomwe zinaphatikizana mu 1971 kupanga National Bank, yomwe lero gawo lake lalikulu ndi la Press Corporation.

Mbiri imeneyi ikamanenedwa pa zikondwerero imamveka yosalala. Kwa munthu wa ku Chiradzulu ili ndi minga. Mmodzi mwa akuluakulu a African Lakes anali Alexander Low Bruce, mkamwini wa David Livingstone. Banja lake ndi lomwe linali ndi esiteti ya Magomero, maekala oposa 160,000, komwe agogo a agogo athu ankagwira thangata kuti aloledwe kukhala pa nthaka. Pofika 1912 msonkho wa nyumba unali mashiling'i 8, koma ukagwirira mzungu ntchito mwezi umodzi umalipira 4. Ndiye kuti thonje ndi fodya zinkalimidwa ndi manja athu, phindu lake n'kusanduka manambala m'mabuku a banki ku Blantyre, pomwe wolimayo ndalama yake imangodutsa m'manja popita kwa wotolera msonkho. Munthu wotere akanasunga chiyani ku banki? Nanga akanakongola ndi chikole chanji, poti pepala la malo linali m'kabati ya bwana?

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe ananyamuka ku Mbombwe. Gulu lina linapita ku Magomero, lina linalunjika ku sitolo ya Mandala. Chimandigwira mtima n'choti ku Mandalako sankafuna ndalama. Ankafuna mfuti, ndipo anapezako zochepa chabe. Lero nkhope ya Chilembwe ili pa K500 ndi K2,000, ndipo imatuluka tsiku lililonse m'makina a banki yomwe inachokera ku kampani yomweyo. Akanauona makinawo, kaya akanaseka kapena kulira.

Sindikunena kuti mabanki a lero ndi atsamunda. Eni ake ambiri ndi Amalawi, oyendetsa ndi Amalawi, ndipo ndi Mo626 kapena Mpamba mayi wa pa Mbulumbuzi atha kulandira ndalama kuchokera kwa mwana wake wa ku Joni osakwera minibasi. Zimenezo n'zenizeni ndipo sindizipeputsa. Chomwe sichinasinthe ndi funso lomwe banki imafunsa munthu akafuna ngongole: muli ndi chiyani cholembedwa papepala?

Kwathu malo ambiri ndi a makolo. Munda umadutsa kwa mayi kupita kwa ana aakazi, malire ake amawadziwa ndi amalume ndi anyakwawa. Mudzi wonse ungachitire umboni kuti dimba ili ndi la a Nachisale, koma umboni umenewo sulowa pa fomu. Mchemwali wanga amalima tomato ndi kabichi, amatumiza ku Limbe sabata iliyonse, ndipo sanaphonyepo kubweza ngongole ku banki m'khonde. Atafuna ndalama zogulira pampu yothirira, ku banki ina anamufunsa kalata ya malipiro a pamwezi ndi chikalata cha malo. Analibe zonse ziwiri. Anathera kwa wakatapila, yemwe safunsa pepala koma amatenga theka pamwamba mwezi ukatha.

Mabanki amayankha kuti ndalama si zawo, ndi za osunga, ndiye sangazibwereketse mwachisawawa. Mfundoyi ili ndi mutu. Koma tisaiwale kuti ali ndi kasitomala wina wosavuta, boma, lomwe limakongola kwambiri ndi kulipira chiwongoladzanja chonona. Ngati ungapindule utakhala pampando mu Victoria Avenue, ungavutikirenji kukayendera dimba ku Namitambo? Kale kasitomala wosavutayo anali mwini esiteti.

Anzanga amene tikumaliza sukulu, nkhaniyi ndi yathu. Tsiku lililonse timauzidwa kuti tisadikire kulembedwa ntchito, tiyambe mabizinesi. Chabwino. Koma pepala lokhalo lomwe ambirife tidzatuluke nalo ndi digiri, ndipo digiri si chikole. Ena mwa ife adzalembedwa ntchito m'mabanki omwewa n'kukhala kuseri kwa kauntala. Ndikanakonda mmodzi wa iwo adzatenge kabuku ka banki m'khonde ya kwathu, momwe muli zaka zisanu za kubweza ngongole kwa mchemwali wanga, akakaike patebulo la mabwana ake ndi kuwafunsa chifukwa chomwe kabukuko sikawerengedwa ngati pepala.