Malemba Ofuula a ku Migodi ya Rustenburg

Luso lolemba zikwangwani ndinaliphunzira kwa amalume anga ku Limbe. Iwo ankakonda malemba opindikapindika, okhala ndi timichira ngati mphukira za maungu, ndipo ine ndinkayesa kuti kukongola konse kwagona pamenepo. Pobwera ku Rustenburg, dera la migodi ya pulatinamu ku South Africa, ndinabwera nalo dzanja lomwelo.

Ntchito yanga yoyamba inali ya mayi wina wogulitsa zakudya pafupi ndi pokwerera maminibasi ku Marikana. Ndinatha masiku awiri ndikukometsera. Patangotha sabata anandiitanitsa nati, "Bambo, chikwangwani chanu n'chokongola ndithu, koma palibe akuchiwerenga. Fufutani."

Madzulo ake ndinakaima tsidya lina la msewu kuti ndidzionere ndekha. Fumbi linali koboo, dzuwa likulowa. Anthu otuluka mumgodi ankadutsa ali otopa, ena olankhula Chitswana, ena Chixhosa, Chisutu kapena Chishangani. Munthu wotere amangoponya diso kamodzi, ndipo timichira tanga tija tinkangooneka ngati zokhwatchakhwatcha. Ndinagula penti wina ndi ndalama za m'thumba mwanga, n'kulemba mawu atatu okha ndi malemba onenepa, oongoka, a ngodya zakuthwa, akuda pamwamba pa chikasu.

Pambuyo pake ndinazindikira kuti nzeru imeneyi njakale. Malemba a pa zikwangwani za mumsewu wa N4 ndi a mtundu wa DIN 1451, umene unakhazikitsidwa ku Germany mu 1936, ndipo anawakonza kuti azijambulika ndi rula ndi kampasi. Mtundu wina wotchedwa Impact, umene uli m'makompyuta ambiri, anaupanga Geoffrey Lee ku England mu 1965 kuti uzilembera mitu ya nkhani ndi zotsatsa malonda.

Mphamvu ya malemba otere inaonekera poyera mu 2012, pamene ogwira ntchito pa mgodi wa Lonmin ananyanyala. Pa makatoni wamba analembapo "R12 500", malipiro a pamwezi amene ankafuna. Pa 16 Ogasiti apolisi anawombera ndi kupha anthu 34. Nambala ija inawerengeka bwino m'zithunzi zimene zinafika kutali, ngakhale kwa anthu osadziwa chinenero chilichonse cha kuno.

Komabe malembawa ali ndi malire. Achinyamata ena osindikiza pa kompyuta amawathira paliponse, ngakhale pa ndondomeko ya mwambo wa maliro. Tsamba lonse likamafuula, diso limatopa ndipo uthenga umasowa. Malo ake ndi mutu wa nkhani, mtengo wa katundu, dzina la sitolo ndi chenjezo. Mawu ofotokozera amafuna malemba ofatsa.

Lero ndikamaliza chikwangwani ndimayenda mapazi 30, n'kutembenuka mwadzidzidzi. Ndikalephera kuchiwerenga nthawi yomweyo, ndimatolanso bulashi.