Zinyalala za mu Limbe ndi mafunso a ku Nyumba ya Malamulo

Nthawi ya mafunso kwa nduna ikakwana, aphungu a m'mizinda sasowa chonena: misewu yokumbika imene maminibasi amadutsamo mozemba maenje, milu ya zinyalala pamsika, nyumba zomangidwa pamalo oopsa. Nduna imalonjeza, nkhani n'kuthera pomwepo.

Komatu kutola zinyalala ndi ntchito ya makhonsolo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linawapatsa udindowu, ndipo litasinthidwa mu 2010, aphungu anapatsidwa mphamvu yovota m'makhonsolomo. Mphungu amene akukalipira nduna chifukwa cha fungo la pamsika wa Limbe alinso ndi mpando pamsonkhano wa bajeti yogulira magalimoto otola zinyalalazo.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,000 mu Blantyre. Ambiri amakhala m'madera ngati Mtandire, Ndirande ndi Mbayani, kumene galimoto ya zinyalala imaoneka mwa apo ndi apo. Zotoledwa zochepazo zimakatayidwa ku Mzedi kapena ku Area 38. Zotsala zimadikira mvula: majumbo amatseka ngalande, madzi akuda n'kusefukira kuzitsime. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse.

Za nyumba n'chimodzimodzi. Bungwe lomanga nyumba la Malawi Housing Corporation lilipo kuyambira 1964, koma mu Marichi 2023 namondwe Freddy atagumula phiri la Soche, matope anakwirira nyumba za ku Chilobwe zimene anthu anadzimangira m'mphepete mwa phiri. Woyang'anira kamangidwe mumzinda ndi khonsolo yomweyo imene aphungu amakhalamo.