Zimene Bulawayo yandiphunzitsa: mawu kwa mnzanga wobwera kudzaphunzira

Ulendo wa pa basi kuchoka ku Blantyre umadzera pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kupyola Harare, kenako makilomita oposa 400 mpaka ku Bulawayo. Ena a ife timabwera kudzaphunzira pa yunivesite ya NUST, yomwe inatsegulidwa mu 1991, ena pa Solusi ya mpingo wa Seventh-day Adventist kunja kwa mzinda. Nazi zimene ndatola pokhala kuno.

1. Mapepala ayambe, zina zibwere pambuyo

Pasipoti, kalata yokuitanani kusukulu ndi chilolezo chophunzirira m'dziko muno zikhale m'chimake musanayambe kufunafuna nyumba yabwino. Muzidziwa pamtima tsiku limene chilolezo chanu chikutha. Mtima ukakhala m'malo pa nkhani imeneyi, mabuku amalowa bwino.

2. Moni wa Chindebele umatsekula makomo

Ambirife timafika tikuganiza kuti Zimbabwe yense amalankhula Chishona. Koma Bulawayo ndi mzinda wa Amandebele, umene unali likulu la mfumu Lobengula, mwana wa Mzilikazi. Mayi wogulitsa tomato mukawapatsa moni woti "Salibonani, mama", nkhope yawo imamasuka, amakufunsani kwanu, mwinanso n'kukuikirani basela. Wochokera ku Mzimba kapena ku Ntcheu sachedwa kuona ubale, pakuti Angoni ndi Amandebele onse anachoka kumwera m'masiku a nkhondo za Shaka. Koma dziwaninso kuti dera lino lili ndi chilonda cha m'zaka za m'ma 1980, nthawi ya Gukurahundi, pamene anthu zikwizikwi a ku Matabeleland anaphedwa. Eni ake akaiyamba nkhaniyi, mlendo amatchera khutu mwaulemu.

3. Madzi ndi chuma

Kuno mvula ndi yochepa, ndipo madzi a mzinda amachokera kumadamu akutali monga Umzingwane, Inyankuni, Insiza ndi Ncema. Chilala chikagwa, madzi amagawidwa mosinthana masiku. Mpopi ukangoyamba kutsokomola pakati pa usiku, nyumba yonse imadzuka: zigubu, ndowa, mapoto, ngakhale ketulo, zonse pamzere. Madzi amene mwachapira zovala ndi omwewo okolopera, otsalawo apite kuchimbudzi. Ife obadwira pafupi ndi nyanja timafika tili ndi manja otayirira, Bulawayo imawaumitsa. Ndowa ziwiri ndi chigubu cha malita 20 mugule sabata yoyamba.

4. Funsani mtengo, funsaninso ndalama yake

Pamsika pamayenda dola ya ku America, randi ya ku South Africa ndi ZiG, ndalama ya dziko lino imene inayamba mu April 2024. Musanakwere minibasi kapena kunyamula katundu, funsani kuti mtengowo ndi wa ndalama iti ndipo chenji adzakupatsani yotani. Safunsa anadya phula. Muzisunga timapepala ting'onoting'ono, chifukwa chenji chimavuta, ndipo ya lendi muziipatula tsiku lomwe makolo atumiza.

5. Nsima ilipo, ndipo chisanu si chamasewera

Musadere nkhawa za m'mimba. Nsima kuno amadya tsiku ndi tsiku, ndiwo zake nyama ya ng'ombe, masamba, mkaka wowawasa ndi kapenta wa ku Kariba, amene amatonthoza mtima wolakalaka usipa. Mbozi zouma za mu mtengo wa tsanya musazinyoze musanalawe. Koma mzindawu uli pamtunda, ndipo mu June ndi July m'mawa zala zimakana kugwira cholembera. Bulangete lokhuthala libwere nanu.

6. Amalawi anatitsogola kalekale

Phunziro ili ndi limene landikhudza kwambiri. Kuyambira nthawi ya atsamunda, makamaka m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, 1953 mpaka 1963, agogo athu ankabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu, m'mafakitale ndi kunjanji, ndipo likulu la njanji za dziko lino lili mu Bulawayo momwemuno. Ambiri sanabwerere, kwathu tinkawatcha matchona. Zidzukulu zawo zili m'makomboni akale monga Makokoba, Mzilikazi ndi Njube. Tsiku lina titatuluka m'tchalitchi, agogo ena atandimva ndikuyankha foni m'Chichewa anandigwira dzanja. "Mwanawe, kwanu n'kuti? Bambo anga anali a ku Dedza, koma ine sindinapondeko." Chichewa chawo chinali chakale, chosakanikirana ndi Chindebele, ndipo dzanja langa sanalisiye mpaka nditawafotokozera mmene phiri la Dedza limaonekera.

Anthu amenewa anakhala zaka zambiri akutchedwa alendo m'dziko limene anabadwira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anawatsegulira njira ya unzika, n'kuikanso Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ngakhale mbiri ya ufulu wathu inadutsa kuno: mu 1959 omenyera ufulu ambiri a ku Nyasaland anatsekeredwa kundende ya Khami pafupi ndi mzinda uno, pamene Kamuzu Banda, Masauko Chipembere ndi Dunduzu Chisiza anali ku Gwelo, kumene lero ndi ku Gweru.

7. Tulukani, musangoti bii m'chipinda

Kusowa kwanu kumakula mukamangokhalira foni. Yendani wapansi m'misewu yotakasuka ya m'tauni, imene anaikuza kuti ngolo za ng'ombe zizitha kukhota, mukaone chipilala cha Joshua Nkomo. Sonkhanani angapo mupite kumapiri a Matobo, kumene kuli zojambula zakale m'mapanga, manda a Mzilikazi komanso a Cecil Rhodes. Kaoneni makoma a miyala a ku Khami, omwe UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 1986. Ndipo Lamlungu lina mukakhale ku bwalo la Barbourfields pamene Highlanders, timu ya mpira yomwe inayamba mu 1926, ikusewera ndi Dynamos. Amene anaonapo Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium adzamva ngati ali kwawo, ndipo adzadziwa chimene chili mumtima mwa mzindawu.

Mnzanga amene ukumanga katundu, digiri ndiyo wadzera, ndipo uigwirire ntchito ndi mphamvu zonse, pakuti kumudzi akukudalira. Koma usadzachoke ku Bulawayo usanaphunzire kulonjera eni mzinda m'chilankhulo chawo, ndiponso usanakhale pansi ndi agogo a kwathu amene ali m'makomboni muno. Akalamba, ndipo nkhani zawo zikufuna wozimva n'kuzitengera kumudzi. Ukawafunefune.