Mwala Wobatiziramo wa ku Domrémy

Mudzi wa Domrémy uli kum'mawa kwa dziko la France, m'mbali mwa mtsinje wa Meuse. Mukalowa m'tchalitchi chake cha Saint-Rémy mupeza mwala wogobedwa ngati mtondo, wobatiziramo makanda. Eni mudzi amati m'menemo ndimo adabatizidwira Jeanne d'Arc, mwana wa alimi wobadwa cha m'ma 1412, yemwe adatsogolera asilikali n'kudzatenthedwa ku Rouen mu 1431.

Masiku amenewo madzi a m'miyala yotereyi ankadalitsidwa pa Pasaka ndi pa Pentekoste, n'kusungidwa miyezi yambiri. Ansembe ankavundikirapo ndi kukhoma ndi loko, poopa kuti ena angatungemo madzi ochitira zamatsenga. Inde abale, Azungu nawonso ankaopa mfiti!

Mu 1824 tchalitchicho adachitembenuza, khomo n'kupita kumene kudali guwa, koma mwalawo ulimobe.