Tsamba lakuda lopanda mizele yofiila

Aliyense amene anayesapo kulemba Cinyanja pa kompyuta amaidziwa mizele yofiila. Ukalemba "ambuya", kamzele kamatulukila pansi pake. Ukalemba "ndiwo", kenanso. Pofika kumapeto kwa ndime, tsamba lonse limaoneka monga buku la mwana wa Giledi 4 limene aphunzitsi acongamo atakwiya. Makinawo sadana nafe iai. Amangoyelekezela mau athu na dikishonale ya Cizungu imene ili mkati mwake, ndipo liu limene salipeza amati n'lolakwa. Koma mtima sumvela zifukwa zotelo. Ambili a ife tinaphunzila pa masukulu pamene kukamba citundu m'kalasi unali mlandu, ndipo mizele ija imatikumbutsa mlandu umenewo ngakhale tili m'nyumba ya amai athu.

Ine nili na nchito imene siingayembekezele. Ambuya anga anacoka ku Katete ali mtsikana, nadzakhala ku Chawama pamene nyumba zinali zikali zocepa. Manje ayamba kuiwala. Lelo angakuuze maina a anzao onse amene anavinidwa nao cinamwali, mawa n'kukufunsa kuti ndiwe mwana wa ndani. Nifuna kulemba nkhani zao mmene iwo amazikambila, m'Cicewa cao ca kumudzi cosakanizika na ca m'tauni. Cizungu singacigwilitsile nchito apa, cifukwa mau ao akamasulidwa amazizila monga nsima ya dzulo.

Mnzanga wina wa ku koleji ndiye ananiikila FocusWriter pa laputopu yanga yogula kwa munthu. Ni pulogilamu yaulele, yolembedwa na Graeme Gott, ndipo imaseguka pa Windows na pa Linux popanda intaneti. Ukaitsegula imaphimba sikilini yonse. Suona koloko, suona mabatani, suona mafaelo ena. Pamatsala tsamba na kamzele kophethila koyembekezela cilembo coyamba. Zonse zofunika zilipo, koma zimabisala, ndipo zimaonekela cabe ukapeleka mausi kumphepete kwa sikilini.

Tsiku loyamba ninacita zinthu zinai, ndipo n'zimene ningauze aliyense wofuna kuyamba. Ninalowa m'masetingi n'kuzimitsa coyang'ana sipelo, mizele yofiila n'kuthelatu. Ninasankha tsamba lakuda na zilembo zoyela zikulu-zikulu, cifukwa nimalemba usiku ndipo kuwala kwambili kumautsa mng'ono wanga amene nimagona naye cipinda cimodzi. Ninaika colinga ca tsiku: pulogilamuyi imakulola kusankha mamineti kapena ciwelengelo ca mau, ine ninasankha mau 300. Cacinai, ninasunga faelo monga .txt, kutanthauza mau okha-okha opanda zokongoletsa.

Faelo yotelo ni yopepuka modabwitsa. Nkhani ya mau 1,000 siifika na 10 KB yomwe, pamene cithunzi cimodzi ca pa foni cimapitilila 1,000 KB kawili-kawili. Nikatsiliza kulemba nimaitumiza ku imelo yanga, bando osamva kanthu, ndipo laputopu ikadzafa kapena kubedwa, mau a Ambuya sadzapita nayo. Faelo imeneyi imasegukanso pa foni iliyonse. Pa Android nimagwilitsila nchito Markor, nayonso yaulele, ndipo nikakhala mu minibasi yoyembekezela kudzala pa City Market nimaonjezelako mizele iwili kapena itatu.

Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kubwela maola ocepa cabe pa tsiku. Batile ya laputopu yanga imagwila pafupi-fupi maola awili. Nthawi imeneyo niinaphunzila mtengo wa mineti imodzi. Munthu wokhala na maola awili sangawataye posankha mtundu wa zilembo kapena kukonza mipata ya m'mbali mwa tsamba. FocusWriter imatsegukila pamene unalekezela dzulo, ndiye cala cimapita pa kiyibodi maganizo akali otentha.

Zimenezi si za ife a m'komboni cabe. George R. R. Martin, amene mabuku ake anabala Game of Thrones, anauza Conan O'Brien pa TV mu 2014 kuti amalemba na WordStar 4.0, pulogilamu ya m'ma 1980, pa kompyuta yosalumikizidwa ku intaneti, ndipo sakonda makina omukonzela sipelo. N'zomveka: maina monga Daenerys mulibe mu dikishonale iliyonse. Ngati munthu wolemba Cizungu amathawa mizele yofiila, nanga ife?

Koma nisakunamizeni kuti tsamba lakuda limacita zonse. Silingazimitse nyimbo za pa bala ya kuseli kwa nyumba yathu. Silingaletse amai kuitana kuti, "Iwe, madzi abwela pa pompi, tenga zigubu!" Ndipo foni ikakhala pambali pako ikulila-lila na mameseji a m'magulu, pulogilamu ya pa laputopu ilibe mphamvu pa iyo. Yanga nimaiika pa airplane mode n'kuiponya m'thumba la jekete lopacikidwa kuseli kwa citseko. Cinanso n'cakuti tsamba lopanda kanthu limaopsa. Kulibe kothawila, kulibe batani loseweletsa. Umatsala iwe na funso lakuti uli na cokamba kapena ulibe. Cimene cimanithandiza n'kuyamba na ciganizo cimodzi cimene Ambuya anakamba tsikulo, ndendende mmene cinatulukila pakamwa pao, kenako zina zimatsatila.

Kukonza kuli na nthawi yake. Nkhani ikapsa, nimaisamutsila mu pulogilamu ikulu ya mu ofesi, n'kuikonza mmene akonzi a magazini amafunila. Koma kulemba na kukonza n'nchito ziwili, monga kulima na kupalila, ndipo wozicita pamodzi amazula mbeu zikali kumela.

Pa Sondo tikacoka ku chalichi nimawawelengela Ambuya zimene nalemba mlungu umenewo. Amakhala pa mphasa, miyendo atatambasula, maso ali gwa pakamwa panga. Nthawi zina samazindikila kuti ni nkhani yao, amangoti, "Mtsikana ameneyu anavutika." Koma mlungu watha, nitafika pa ndime ya dimba la amai ao, ananigwila dzanja.

"Imani pamenepo, amunanga," anatelo, cifukwa ni mmene amaniitanila poseka kuyambila nili khanda. "Ikaponi kuti tinali kuthilila na cipanda, m'mamawa dzuwa lisanatuluke. Mphutsi zinali kutha mpilu, ndiye amama anali kuwazamo phulusa."

Izi anali asanazikambepo kwa aliyense wa ife, ngakhale amai anga sanali kuzidziwa. Ninatsegula laputopu pomwepo, batile ili pa 14 pelesenti, n'kulemba zonse mpaka anatopa nagona. Faelo ya Ambuya yafika mau 21,000 tsopano. Madzulo ano nifuna kuwafunsa za ulendo wao woyamba wa pa basi kubwela ku Lusaka, ngati lelo ni tsiku limene akumbukila.