Za Joyce Chavula, mwana wa mchemwali wanga, ndi ife odzitcha njonda

Lero za feteleza ndi mitengo ya masamba tiziike kaye pambali. Ndikufuna tikambe za amayi a mafilimu ndi khalidwe lathu ife azibambo. Wina afunsa kuti mlimi wa tiyi ndi mafilimu, wapi ndi wapi? Dekhani, muona pomwe zikukumana. Nkhaniyi ndi yaitali ndithu, ndiye amene bandulo yatsala pang'ono ayambe wagula ina.

Ndiyambe ndi Joyce Mhango Chavula. Ambiri tinamumva mu March 2016, pomwe filimu yake yotchedwa Lilongwe inapambana ku Lagos, ku Nigeria, pa mphoto za Africa Magic Viewers' Choice Awards. Inapambana ngati filimu yabwino koposa ya kummwera kwa Africa, chigawo chomwe muli mayiko okhala ndi makamera ndi ndalama zoposa zathu kutalitali. Filimuyo anailemba yekha, kuitsogolera yekha, n'kuseweramonso. Tsiku limenelo aliyense anali m'bale wake wa Joyce. Pa wailesi, pa Facebook, paliponse: mwana wathu watichotsa manyazi!

Koma mayiyu sanagwe kumwamba. Zisudzo anaziyamba ali kusekondale, monga amachitira ana athu pano. Atamaliza sukulu anapeza ntchito ya muofesi, ya malipiro a pamwezi, koma mu 2009 anaisiya n'kuyambitsa gulu lake la zisudzo la Rising Choreos. Tangoganizani ndinu bambo ake kapena amalume ake, mwana akubwera kudzanena kuti ntchito ndasiya, ndizipanga zisudzo. Ambirife tikanaitana abusa kuti amupempherere. Iye analimbikira mpaka gulu lake linabweretsa kuno Patience Ozokwor, mayi uja wa ku Nigeria amene timamudziwa ndi nkhanza za m'mafilimu, kudzasewera limodzi ndi Amalawi. Mu 2013 anatulutsa filimu ya No More Tears, kenako n'kubwera Lilongwe ija. Kuchoka tsiku losiya ntchito kufika pa mphoto ya ku Lagos panadutsa zaka 7. Ife olima tiyi timazidziwa zimenezi. Mbande ukaibzala lero suthyola chaka chamawa, umadikira zaka zitatu kapena zinayi ukupalira ndi kudulira, anthu akukuseka kuti bwenzi utangodzala chimanga.

Njira imeneyi anayamba kuilambula ndi ena. Achikulire mukumukumbukira Gertrude Kamkwatira, amene anatsogolera Wakhumbata Du Chisiza Jr atamwalira mu 1999, kenako n'kuyambitsa gulu lake la Wanna Do. Anatisiya mu 2006 akadali ndi mphamvu zake. Palinso Flora Suya ndi Tapiwa Gwaza a mu Seasons of a Life ya Shemu Joyah. Mu 2010 Tapiwa anabwera ndi mphoto ya Africa Movie Academy Awards chifukwa cha filimu imeneyo. Amene munaionera mukukumbuka nkhani yake: mtsikana wantchito ya m'nyumba, abwana ake anam'patsa mimba, iye anapita kukaphunzira, n'kubwerera kudzamenyera mwana wake kukhoti. Abwana a mufilimumo sanali chidakwa cha pamsika ayi. Anali munthu wovala bwino, wa nyumba yabwino, amene tonse tikanamupatsa mpando wakutsogolo kutchalitchi. Musamuiwale bamboyu, tikumana naye m'munda mwa tiyi posachedwa.

Tsono chandiyankhulitsa n'chiyani? Mchemwali wanga ali ndi mwana wamkazi, ali Folomu 3 pa sekondale yoyendera ya kuno. Mwanayu pa zisudzo ndi katswiri. Akayamba kutsanzira mayi wogulitsa nthochi pa Bvumbwe kapena kondakitala wa minibasi ya ku Limbe, ngakhale agogo ake amagwira nthiti. Aphunzitsi anamusankha kuti apite ndi anzake ku Blantyre kukapikisana ndi sukulu zina. Kwathu kuno, monga mukudziwa, mwana ndi wa kuchikazi, ndiye nkhani inafika kwa ine mwinimbumba.

Tinakhala pansi Lamlungu masana. Alamu anga, bambo a mwanayo, anali chete. Amene anayankhula kwambiri ndi mkulu wawo, bambo wodziwika, wosaphonya jekete ngakhale mu October. Anati, "Alamu, ine ndanena, za zisudzozi ndi za akazi oyendayenda. Mwanayu akapita ku Blantyre abwera ndi mimba."

Ndinawafunsa kuti, "Nanga alamu, mimbayo akaitola pamsewu? Amene akam'patse si mwamuna ngati inu ndi ine?"

Panakhala kaye zii. Kenako mwanayo, atagwada pakhomo paja, anati, "Amalume, ine ndikungofuna ndikayese. Ndikalephera mayeso a teremu ino mudzandiletse."

Tinagwirizana kuti apite. Aphunzitsi aakazi akhala nawo, sukulu ikhale patsogolo, ndipo ndalama ya thiransipoti ndinalonjeza ine kuti ichokera pa masamba a mwezi uno. Kaya akapambana kaya ayi, zimenezo n'zam'tsogolo. Koma mawu a bambo aja anandikhala pamtima, chifukwa bambo omwewo mu 2016 anali nawo gulu lokuwa kuti Joyce ndi wathu. Mkazi akatchuka timamutcha mayi wa fuko. Akadali panjira, ali ndi yunifolomu ndi nsapato zakutha, timamutcha mayina oti sindingalembe pano.

Mantha awo sindikuwatsutsa onse. Atsikana amavutikadi kunjaku. Funso langa n'lakuti, amawavutitsa ndani? Apa mpomwe pakubwera nkhani ya unjonda.

Mawu oti njonda ife tinakula tikuwamva ponena za amuna obwera ku Joni ndi ku Halale: jekete, chipewa, wotchi, wilesi paphewa, njinga yonyezimira. Lero njonda ndi wa suti ndi foni yaikulu, wodziwa kutsegulira mkazi chitseko cha galimoto monga amachitira m'mafilimu a azungu. Zabwino ndithu, koma kuno ambirife galimoto tilibe, ndipo chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Ulemu ife a ku Thyolo timaudziwa, mwina kuposa ena. Tiyi wakhala nafe zaka zoposa 100, Satemwa yokha inayamba mu 1923. Agogo athu anakhala pa malo a esiteti nthawi ya thangata, kulipira malo ndi thukuta lawo, ndipo anaphunzira kuvula chipewa mzungu akadali patali. Mpaka lero manijala akamadutsa pa galimoto timaimika dzanja. Kwa abwana, kwa amfumu, kwa a MP, ulemu wathu ndi wosefukira. Koma umenewo ndi ulemu wokwera mtunda, ndipo nthawi zambiri muli mantha kapena kufuna kanthu. Ulemu wotsika kumunsi, wopita kwa munthu amene sangakuchotse ntchito kapena kukupatsa kanthu, ndi umene ukutisowa. Ine ndimati njonda muziiyesa pamenepo.

Tiyeni tipite pasikelo. Mvula ikayamba mu December mpaka cha mu April, masamba amaphuka mwamphamvu ndipo maesiteti amalemba anthu ambiri aganyu ya nyengo. Ambiri mwa iwo ndi amayi, ena amasiye, ena amuna awo anapita ku Joni osatumiza kanthu. Mayi amalawira m'mamawa, dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno, kuthyola masamba awiri ndi kansonga tsiku lonse. Chakudya cha ana ake chili m'manja mwa anthu awiri: kapitawo amene amanena kuti uyu abwerenso mawa, ndi kalaliki amene amalemba makilo. Ndikudziwa makapitawo abwino, ena ndimapemphera nawo. Koma tisanamizane, tonse tinamvapo mawu aja akuti "ukandiganizire" ponena kwa mkazi wofuna ntchito. Amene amanena mawuwo ndi bambo uja wa mu Seasons of a Life, wangosintha malaya. Mu 2021 kampani ina ya ku UK yokhala ndi minda ya tiyi kuno ku Malawi inagwirizana zolipira amayi 36 amene anadandaula za nkhanza zotere, ngakhale kuti siinavomere mlandu. Nkhaniyo inakafika mpaka ku London, pomwe ife oyandikana nawo tinali chete. Ndipo lamulo lilipo. Gender Equality Act ya 2013 imati kuvutitsa munthu pofuna chiwerewere ndi mlandu, chilango chake K1 miliyoni ndi zaka 5 kundende. Koma mwamuna weniweni sadikira lamulo kuti limuuze zoti mkazi wofuna ganyu ndi mayi wa wina.

Tsono kwa achinyamata amene mumandifunsa kuti madala, njonda imatani, ine ndinena zomwe ndimaona pamudzi pano, zosafuna ndalama.

Pamzere wa sikelo, mayi wobereka mwana kumsana ndi dengu lodzaza, musiyeni ayeze kaye. Simufa ndi mphindi zisanu. Inu a kabaza, mtsikana akakwera njinga yanu wagula ulendo basi. Kumanga mabuleki mwadala kuti akugundeni kumsana, kapena kumufunsa nambala ulendo wonse, ndi uchitsiru, ndipo amauzana, mawa akwera ya mnzanu. Pamjigo, mukapeza amayi ali pamzere, musalowetse chigubu chanu kutsogolo chifukwa choti ndinu bambo. Ngati mphamvu zachuluka, apopereni madzi.

Ku vidiyo shoo nakonso. Mkazi akangotulukira pa sikirini, holo yonse malikhweru ndi kutchula ziwalo zake, pomwe pabenchi lakutsogolo pakhala tiana ta Sitandade 4. Tianato tikuphunzira kuti mkazi amayankhulidwa choncho. Mawa tikanena zomwezo kwa mlongo wanu pamsika mudzakwiya, koma mphunzitsi munali inu.

Mukafunsira mkazi n'kukukanani, nkhani yathera pomwepo. Kumutukwana, kumuyendera mbiri yoipa, kutumiza zithunzi zake m'magulu a WhatsApp, zonsezo zimangoonetsa kuti anachita bwino kukukanani. Ndipo tsiku lolandira malipiro, ndalama iyambe yafika kunyumba isanadutse pa bawo ndi pa kachasu. Mkazi amene munathyola naye masamba m'chiperoni asamve kwa anthu kuti munalandira zingati.

Zimenezitu si zachizungu. Makolo athu anali nazo. Mkamwini ankapatuka panjira akaona apongozi ake aakazi. Mwamuna sankalowa kuchipinda kwa mlongo wake. Chinthu ankalandira ndi manja awiri ngakhale wopereka ndi mwana wamkazi. Bambo anga, Mulungu awasunge, sanavalepo tayi moyo wawo wonse, koma pobwera kumunda nkhuni zolemera ankasenza okha, mayi n'kunyamula makasu. Anzawo ankawaseka kuti anadyetsedwa khuzumule. Iwo ankangoseka nawo, mawa n'kusenzanso.

Chinanso chimene amuna timalephera ndi kupirira mkazi akatiposa. Mkazi akayamba kutchuka, kaya ndi pa zisudzo, pa kwaya, pa bizinesi ya nthochi kapena mukomiti ya alimi a tiyi, mwamuna mtima umayamba kuwawa. Ayamba kumuwerengera maola, kumufufuza foni, kumuletsa misonkhano. Ndaona amayi aluso pamudzi pano atazimitsidwa ngati nyali chifukwa bambo sakufuna kumatchedwa "amuna a uje". Koma kodi kutchedwa mwamuna wa munthu wodziwika n'kutukwanidwa? Pamene Lily Banda ankaoneka pa Netflix mu 2019, mu The Boy Who Harnessed the Wind ija anaijambulira ku Kasungu, dziko lonse linamva Chichewa chathu. Ndani wa ife akanakana kuti ndi mlongo wake? Mtsikana aliyense amene wafika pamenepo anadutsa m'manja mwa amuna ambiri: bambo, malume, mphunzitsi, woyendetsa minibasi, mwini holo, wogwira kamera. Aliyense wa iwo akanatha kumuthandiza kapena kumuwononga. Sitidziwa kuti ndi angati a ku Thekerani, ku Masambanjati kapena ku Luchenza amene akanafika ku Lagos koma anathera panjira chifukwa cha mmodzi wa ife.

Inu alongo ndi amayi amene mumawerenga zolemba zangazi, mundikonze pomwe ndaphonya, chifukwa nsapato imeneyi mumaivala ndinu. Inu azibambo anzanga, ndikudziwa ena mundinena kuti madala awa agulidwa ndi mabungwe. Palibe wandipatsa ngakhale sopo. Ndangoona kuti mwana wa mchemwali wanga akwera minibasi ya ku Blantyre, ndipo kuyambira pa siteji mpaka kukafika adzakhala m'manja mwa ana aamuna a anthu ena. Ndikupempha kuti akakumane ndi olera bwino. Nanenso wa wina akadutsa pakhomo panga kapena pamunda panga, ndimusunga chimodzimodzi, paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Sabata yamawa tibwerera ku zaulimi. Ambiri mwafunsa za nthochi zatsopano zobzala pomwe chisaka chinatipululira, ndiye ndidzafotokoza momwe zanga zikuchitira. Khalani bwino nonse.