MTSINJE WA HURON, WOSAMWEKA NDI WOSAOLOKA PA BWATO

Munthu wa ku Sasare akamva za cisumbu ca Livingston, maganizo ace athamangira kwa David Livingstone, amene anaoloka Luangwa mu December 1866. Koma iai. Cisumbuci, cimene ciri m'gulu la zisumbu za South Shetland kufupi ndi Antarctica, cinali kudziwika kale ndi dzinali m'zaka za m'ma 1820, pamene Livingstone anali akali mwana ku Scotland. William Smith wa ku England ndiye anayamba kuciona pa 19 February 1819, ndipo mu 1821 Bellingshausen wa ku Russia anacicha Smolensk.

Kum'mawa kwa cisumbuci kuli mtsinje wa Huron. Madzi ace ndi oundana gwa ngati mwala. Cipale cimagwa caka ndi caka pa mapiri a Tangra, amene nsonga yace yaitali, Friesland, ifika mamita 1,700. Cipaleco cikaunjikana ndi kutsenderezana cimalemera, niciyamba kutsetsereka pang'onopang'ono kunka ku gombe la Moon Bay, kumene zibenthu zace zimagwera m'nyanja. Luangwa amadzaza m'dzinja ndi kuphwa m'cilimwe, koma Huron ayenda mwakacetecete, kotero kuti woima pambali pace sangaone kuti alikuyenda.

Dzinali linaperekedwa mu 1958 ndi kabungwe ka ku Britain koika maina a malo a ku Antarctica. Huron cinali combo ca ku New Haven ku America, cotsogoleredwa ndi John Davis, cimene cinafika ku zisumbuzi mu 1820 kudzasaka nyama za m'nyanja zonga akatumbu cifukwa ca zikopa zace. Alenje a zombo zotere anapha nyamazo mopanda cifundo, ndipo m'zaka zowerengeka zinatsala pang'ono kutheratu. N'zodabwitsa ndithu kuti combo ca nchito yotere ndico cinalandira ulemu pa mapu. Koma pa cisumbupo panalibe mfumu kapena mudzi woti n'kufunsidwa, monga akadafunsidwira akulu a Cinsenga za dzina la kamtsinje ka kwao.

Akatswiri a miyala anena kuti zaka 300 miliyoni zapitazo Africa ndi Antarctica anali mtunda umodzi, wochedwa Gondwana, ndipo madzi oundana anakuta mbali yaikulu ya kum'mwera kwa Africa. Miyala imene madziwo anakokolola ndi kusiya ipezekabe m'cigwa ca Luangwa, kumene mwezi wa October munthu asowa pobisala ndi dzuwa.